Cifukwa Cace Dziwe Linyenga Maso

Mvula ikatha, madzi a m'mitsinje nayamba kudikha, ana athamangira kudziwe kukasamba. Mwana aima pagombe, aona miyala ya pansi, nati mumtima mwace, "Pano madzi andilekeza m'cuuno." Koma pakulowamo, madzi amfika pacifuwa. Mau awa afotokoza cimene cinamnyenga.

Diso liona cinthu pokhapo kuunika kocokera ku cinthuco kwalowa m'disomo. Ndipo kuunika kuyenda molunjika. Mwaona ceza ca dzuwa colowera pa kaboo ka tsindwi m'nyumba ya utsi, kuti ciongoka ngati cingwe cokokedwa.

Ceza cikagunda pa cinthu cosalala, monga kalilole kapena madzi odikha, cibwerera monga ucitira mpira woponyedwa pakhoma. Cikadza cilunjikire, cibwerera njira yomweyo cinadzera. Cikadza copendeka, cicoka ndi kupendeka komweko kunka mbali inayo. Ndico cifukwa cace muona nkhope yanu m'mtsuko wa madzi, ndipo mphepo ikatibula madziwo nkhopeyo isweka, pakuti kafunde kali konse kabweza kuunika kwina kwace.

Koma pamadzi sikubwerera kuunika konse. Kwina kupyola, ndipo apa ndipo pagona nkhani yathu. Mumlengalenga kuunika kuyenda pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, koma m'madzi kuyenda makilomita 225,000 okha. Taganizani ngolo ya ng'ombe yocoka pamseu wouma kulowa mumcenga campendekero. Gudumu limodzi liyamba kufika mumcenga nilicedwa, linzace likali kuthamanga, motero ngolo ikhota. Ceza cicita cimodzimodzi pa malire a madzi ndi mpweya, polowa ndi poturuka pomwe. Lamulo la kukhota kumeneku analilemba Ibn Sahl wa ku Baghdad m'caka ca 984, ndipo Willebrord Snell wa ku Leiden analipezanso mu 1621. Opanga mandala amene athandiza akulu kuwerenga atsata lamulo lomweli posema galasi.

Tsono ceza cocokera ku mwala wa pansi pa dziwe cikhota poturuka m'madzi, koma diso silidziwa zimenezo. Liyesa kuti ceza cadza molunjika, niliika mwalawo pamwamba kupambana pamene uli. Ukayang'ana pansi cilunjikire, dziwe lakuya mikono 4 lioneka ngati la mikono 3. Ukayang'ana campendekero, monga acitira woima pagombe, lioneka losaya koposa apo, ndipo ndi pamenepa ana apusitsika.

Musangokhulupirira mau athu; yesani nokha. Ikani ndalama m'mbale yakuya, nimubwerere m'mbuyo kufikira milomo ya mbale yaibisa. Mnzanu athiremo madzi pang'onopang'ono, osaisuntha ndalamayo, inu osasuntha mutu. Mudzaona ndalama ituruka poyera ngati yakwera. Aphunzitsi angacite bwino kuonetsa ana ici mitsinje isanadikhe.

Asodzi a mkondo anadziwa zimenezi kale lomwe, ngakhale sanamve za Snell. Salasa pamene nsomba ioneka, koma pansi pace pang'ono. Ndipo munthu wocenjera, pofuna kuoloka pa dooko limene salidziwa, ayamba wapisa ndodo kutsogolo kwace. Ndodoyo idzaoneka ngati yathyoka pamene ilowera m'madzi, koma polekezera kunyowa kwace padzamuuza kuya kweni kweni.