Phunziro la Mwezi Uno: Safunsa Anadya Phula

Munthu wogula manachesi pa msika wa ku Mwanza sakhutira ndi okoma a pamwamba pa dengu. Amapisa dzanja pansi kuti aone ngati palibe oola. Koma chodabwitsa nchakuti ife tomwe, ochenjera pa malonda, timangomeza mau a pa wailesi, a pa msonkhano wa chipani ndi a pa guwa, osayamba tawayesa. Phunziro lathu mwezi uno liri pa luso limeneli la kuyesa mau.

Nkhani ya ku Thambani

Tisapite kutali. M'mwezi wa May 1983 dziko linauzidwa kuti akuluakulu anai afa pa ngozi ya galimoto ku Thambani, m'boma lathu lino la Mwanza, kufupi ndi malire a Mozambique. Iwowa anali a Dick Matenje, mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party. A Aaron Gadama, nduna ya Chigawo cha Pakati. A Twaibu Sangala, nduna ya za umoyo. Ndi a David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa. Ambiri anakaika mumtima, koma masiku amenewo wofunsa anali kudziitanira tsoka.

Mlandu suola. M'chaka cha 1994 boma latsopano linaika bungwe lofufuza, lotsogoleredwa ndi Jaji Mtegha. Bungwelo linamva mboni zambiri, nilipeza kuti ngozi panalibe. Anthuwo anagwidwa ndi apolisi, nakanthidwa kufikira imfa, ndipo mitembo yao inaikidwa m'galimoto kuti anthu ayese ngozi.

M'chaka cha 1995 Dr. Banda, a John Tembo ndi ena anazengedwa mlandu wopangana za imfayo, koma m'mwezi wa December bwalo linawamasula poona kuti umboni sunakwane. Tsono apa tiphunzirapo ziwiri. Choyamba, nkhani sisanduka yoona chifukwa yatuluka pakamwa pa wamkulu. Chachiwiri, ngakhale tapsa mtima, sitimanga munthu popanda umboni. Muyeso ndi umodzi, kwa amene timkonda ndi kwa amene timuda.

Za chipembedzo

Pa 8 March 1992 kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Boma linakwiya nayo, koma anthu a mipingo ina ndi Asilamu omwe anaibvomera. Chifukwa ninji? Si chifukwa cha mikanjo ya olembawo ai. Kalatayo inanena zinthu zimene munthu aliyense anali kuziona ndi maso ache: anthu kutsekeredwa osaweruzidwa, malipiro ochepa a anthu a nchito, ndi kubwezedwa pa msika chifukwa chosowa kadi ya chipani.

Chomwecho mbusa, shehe kapena mneneri akakuuzani kuti Mulungu wasankha kale munthu wakuti, mumlemekeze monga mtsogoleri wanu, koma mufunse: kodi chimene anenachi ndingachione ndekha? Kufunsa mwaulemu si mwano, ndipo sikuchepetsa chikhulupiriro.

Za masankho

Pa 14 June 1993 Amalawi anafunsidwa ngati afuna chipani chimodzi kapena zambiri, ndipo oposa 60 pa 100 alionse anasankha zipani zambiri. Kuyambira apo mphamvu yosankha iri m'manja mwanu, ndipo ofuna mphamvuyo amadza ndi mau ozuna.

Ngakhale chiwerengero cha mavoti chimayesedwa. Zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha May 2019 zitalengezedwa, odandaula anapita ku bwalo. Oweruza asanu anasanthula mapepala, napeza ambiri ofufutidwa ndi Tipp-Ex, ndipo pa 3 February 2020 anathetsa chisankhocho. Anthu anabvotanso pa 23 June chaka chomwecho. Onani kuti mlanduwu unatha ndi mapepala ndi mboni.

Dziwaninso kuti lamulo la zipani la chaka cha 2018 liletsa wopikisana kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa mavoti. Chitenje chitha msanga, koma phungu akhala zaka zisanu. Wogulitsa voti yache wagulitsanso mankhwala a m'chipatala ndi mlatho wa mudzi wonse, ndipo mwana wa mnansi wache ndiye adzalipira.

Mafunso anai

Mukamva nkhani yaikulu, kaya pa wailesi, pa foni kapena pa maliro, muiyese ndi mafunso awa:

1. Wanena ndani, ndipo anaona yekha kapena anangomva?
2. Nkhaniyi ndikaikhulupirira, apindule ndani?
3. Kodi mbali inayo yanena chiani? Nyakwawa yanzeru sigamula mlandu itamva munthu mmodzi.
4. Akadanena mau omwewa munthu wa chipani china, wa mtundu wina kapena wa mpingo wina, ndikadabvomera kodi?

Funso lachinai ndilo lobvuta koposa, pakuti liyesa mtima wa wofunsayo. Nkwapafupi kuona bodza la adani athu; la abale athu timalipfunda nsaru.

Kwa aphunzitsi

Inu aphunzitsi, musamenye mwana wofunsa kuti, "Mwadziwa bwanji?" Mumyankhe bwino, pakuti ndiye wobvota wa mawa. Sabata lino lembani pa bolodi nkhani imodzi imene yamveka m'mudzi, ndipo ana aiyese ndi mafunso anai aja, nalekanitse chimene adziwa ndi chimene angomva. Ndipo inu odziwa kuwerenga, muwerengere phunziroli anzanu pa bwalo madzulo, kuti mukambirane pamodzi.