Malangizo: Kuyesa Mababu a LED ku London

Anthu okhala ku London adziwe kuti boma la United Kingdom linaletsa kugulitsa mababu ambiri a halogen mu 2021, choncho mabanja ambiri tsopano amadalira mababu a LED, omwe amawala magetsi akamadutsa m'kachipangizo kotchedwa diode. Pogula babu, munthu asamangoyang'ana ma watt, omwe amasonyeza magetsi amene babulo limadya, koma ayang'anenso ma lumen, omwe ndi muyezo wa kuchuluka kwa kuwala, pakuti babu la ma lumen 806 limawala mofanana ndi lakale la ma watt 60. Miyezo yotereyi m'dzikomo imasungidwa ndi National Physical Laboratory ku Teddington.

Popeza diode imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, kanyali ka LED kamayesedwa ndi chipangizo choyezera magetsi chotchedwa multimeter, waya wofiira utakhudza mwendo wautali wa kanyaliko ndipo wakuda utakhudza waufupi. Kanyali kabwino kamayaka pang'ono. Pamwamba pake pamakhala lens, kagalasi kolunjikitsa kuwala, kapena chophimba choyera chomwaza kuwalako kuti kusathobwe maso. Magetsi a m'nyumba za ku United Kingdom ndi a ma volt 230, motero aliyense azithimitsa swichi asanachotse babu, ndipo mawaya a m'khoma aziwasiyira amisiri ovomerezeka.