Mau Awiri a Chikondi m'Chitaliyana

M'Chichewa mau akuti "ndimakukonda" amakwanira ponseponse: mai angauze mwana wake, mwamuna angauze mkazi wake. M'Chitaliyana sizitero ai. Ataliyana ali ndi mau awiri, ndipo mlendo wowasokoneza angathe kudzichititsa manyazi, ngakhale kukhumudwitsa amene iye anafuna kumlemekeza.

Oyamba ndi "ti amo", ochokera ku mneni "amare". Pakati pa anthu, amenewa ndi mau a okwatirana, kapena a mnyamata ndi mtsikana otomerana. Munthu sawanena kwa mphunzitsi wake, kwa mnzake wa pa ntchito, kapena kwa asisteri.

Achiwiri ndi "ti voglio bene", otchulidwa ngati "ti volyo bene". Tanthauzo lake lenileni ndi lakuti "ndikukufunira zabwino". Ndiwo mau a kholo ndi mwana, a gogo ndi mdzukulu, a anthu okondana pa chinansi. Okwatirana nawonso amauzana mau amenewa, pakuti amaonetsa mtima wosamala mnzake.

Ulemu ulinso ndi malo ake. Kamau ka "ti" kali ngati "iwe". Kwa munthu wamkulu amanena "Le voglio bene", ndipo kwa anthu ambiri "vi voglio bene". Tsono katekisiti wolembera kalata wansembe wa ku Italy amene anagwirako ntchito ku Balaka kapena ku Mangochi ayambe ndi "Caro Padre", ndiye kuti "Bambo okondedwa", natsirize ndi "con affetto", ndiye kuti "mwachikondi".

Komabe mneni uja "amare" sali wa ukwati wokha: ndi umene Ataliyana amanenera za kukonda Mulungu, kukonda mnzako, ndi kukonda dziko. Aneni awiriwa amakomana pa Yohane 21:15-17 m'Baibulo limene maepiskopi a ku Italy anatulutsa mu 2008. Kawiri Yesu afunsa Petro ndi "amare", Petro nayankha ndi "voler bene". Kachitatu Yesu afunsa ndi mau a Petro omwewo. Omasulira anatsata Chigriki, chimene chilinso ndi aneni awiri pamenepo, "agapao" ndi "phileo".

Chotero wophunzira akumbukire lamulo ili: kwa mkazi wake kapena mwamuna wake anganene mau onse awiri, koma kwa wina aliyense womkonda anene "voglio bene", ndipo sadzalakwa.