Khadi la ngongole pambuyo pa bankruptcy ku England: yambani pang'ono

Ku England ndi ku Wales, munthu amene wagwa mu bankruptcy, kutanthauza kuti boma lavomereza kuti walephereratu kubweza ngongole zake, nthawi zambiri amamasulidwa pakatha miyezi 12. Ambiri amaona ngati nkhani yathera pomwepo, koma ayi. Pa kaundula wa boma wa Individual Insolvency Register dzina lanu limachoka patatha miyezi itatu chimasulidwireni, pomwe pa mbiri yanu ya ngongole chizindikirocho chimakhalapo zaka 6 kuyambira tsiku lomwe chigamulo cha bankruptcy chidaperekedwa. Mbiri imeneyi ndi yomwe amayang'ana obwereketsa nyumba, a kampani ya foni, ogulitsa galimoto pangongole ndi a banki. Amene muli ku Scotland, dziwani kuti kumeneko malamulo ake ndi ena ndithu.

Ndikudziwa kuti pakati pathu Amalawi nkhani iyi ndi yochititsa manyazi. Munthu amalolera kuvutika yekha kusiyana n'kuti anzake akutchalitchi amve. Komatu ambiri sadafike apa chifukwa cha matama. Wina maola a ntchito adachepa, wina adadwala, wina adanyamula maliro awiri akumudzi motsatizana. Lamulo lidaikidwa kuti munthu wotere apume ndi kuyambiranso, ndiye musadzione ngati wakuba.

Musanamasulidwe, khadi la ngongole liiwaleni kaye. Kubwereka ndalama zoposa £500 osauza wobwereketsayo kuti muli mu bankruptcy ndi mlandu. Chomwe mukufunika panthawiyi ndi basic bank account, akaunti yopanda ovadirafuti komanso yosalipiritsa pamwezi, yomwe mabanki akuluakulu amakakamizidwa ndi lamulo kukhala nayo. Malipiro anu azilowa mmenemo, mabilu azituluka mmenemo. Ngati mudagwirizana ndi a Official Receiver, omwe amayang'anira nkhani ya bankruptcy yanu, kuti muzipereka kangachepe mwezi ndi mwezi, pitirizani ngakhale mutamasulidwa, chifukwa mgwirizano umenewo umatha kufika zaka zitatu.

Mukamasulidwa, ntchito yoyamba ndi kuwerenga zomwe zidalembedwa za inu. Makampani osunga mbiri ya ngongole alipo atatu, Experian, Equifax ndi TransUnion, ndipo aliyense muli ndi ufulu womupempha lipoti lanu kwaulere. Itanitsani onse atatu, poti zomwe ali nazo sizifanana nthawi zonse. Khalani pansi ndi cholembera, muyang'ane ngongole iliyonse yomwe idalowa mu bankruptcy. Tsiku lomwe alemba kuti mudasiya kulipira lisakhale la m'tsogolo kuposa tsiku la chigamulo, ndipo ngongoleyo isaoneke ngati mukuyenera kuilipirabe. Kampani ikalemba tsiku lolakwika, mwachitsanzo kuonjezera chaka, ndiye kuti banga lanu likhalanso chaka china pamwamba pa zaka 6 zija. Alembereni, muphatikizepo umboni woti mudamasulidwa, awongole.

Chachiwiri ndi chapafupi koma ambiri sachidziwa. Malawi ndi membala wa Commonwealth, choncho Mmalawi amene ali ndi chilolezo chokhala ku Britain akhoza kulembetsa m'kaundula wa ovota ku khonsolo ya dera lake. Obwereketsa amagwiritsa ntchito kaundulayu potsimikiza kuti ndinudi ndipo mumakhala pomwe mwanenapo. Salipiritsa, ndipo zimachitika pa intaneti. Mukasamuka nyumba, lembetsaninso.

Tsopano za khadi lenilenilo. Makadi omwe angakuvomereni ndi aja amati credit builder, monga a Aqua, Vanquis ndi Capital One. Malire a ndalama amakhala ochepa, mwina mapaundi mazana awiri kapena asanu, ndipo chiwongoladzanja chake n'chokwera, kawirikawiri kupitirira 30 peresenti pachaka. Makampani ena safuna n'komwe kukumvani mpaka padutse chaka kapena kuposerapo, ndiye werengani mfundo zawo musanapemphe. Musamangodzaza mafomu uku ndi uku. Pempho lililonse limasiya chidindo pa mbiri yanu chomwe ena amachiona kwa chaka, ndipo zidindo zambiri zimakuonetsani ngati munthu wothedwa nzeru. Yambani ndi eligibility checker, yomwe imakuuzani mwayi wanu popanda kusiya chidindo choonekera kwa obwereketsa.

Khadi likabwera, musalitenge ngati ndalama zoonjezera. Ntchito yake ndi imodzi, kulemba mbiri yatsopano. Zili ngati kope la ngongole la paokala: mwini wake sakukhulupirirani chifukwa mwatenga katundu wambiri, koma chifukwa mwezi uliwonse mumabwera kudzafufutitsa dzina. Sankhani chinthu chimodzi chomwe mumagula kale, kaya ndi tikiti ya basi kaya mafuta a galimoto a £30. Mukatero ikani direct debit yolipira ngongole yonse ya pakhadi mwezi uliwonse, osati kachigawo kochepa komwe amakulolani. Mukalipira yonse m'nthawi yake, pa zogulazo simulipira chiwongoladzanja ngakhale kobiri. Yesetsaninso kusapitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a malire anu. Pa khadi la £200, zikhale pansi pa £50.

Pomwe ambiri a ife timagwera ndi apa. Mwaweruka shifiti ya usiku, mwakhala pa sitopu ya basi, foni ikulira. Uthenga wa pa WhatsApp ukuti mayi agonekedwa kuchipatala, kapena fizi ya mwana wa achimwene yatsala masiku awiri, kapena mvula yagwa feteleza palibe. M'akaunti mulibe kanthu koma khadi lili m'chikwama. Abale anga, musatumize ndalama kumudzi ndi khadi limeneli. Makadi ambiri amaona kutumiza ndalama ngati kutapa kashe pa ATM: amadula ndalama ina pomwepo ndipo chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo. Obwereketsa ena akaona kutapa kashe pa mbiri yanu amadziwa kuti zinthu sizili bwino. Tumizani kuchokera pa malipiro, muike mlingo wa pamwezi womwe mungakwanitse, ndipo muwauze akumudzi zoona zake. Kunena kuti "mwezi uno ndilibe" n'kowawa kwa munthu amene banja lonse likumuyang'ana, koma mukagwanso kachiwiri simudzatha kuthandiza ngakhale mmodzi.

Chipereganyu chomwe timachita m'magulu athu n'chothandiza posunga ndalama, kungoti makampani atatu aja sachiona, choncho sichikonza mbiri yanu. Akatapila ndiye muwathawe, angakhale akulankhula chinenero chanu. Kubwereketsa ndalama ngati bizinesi popanda chilolezo cha Financial Conduct Authority n'kuphwanya lamulo, ndipo wolakwa ndi wobwereketsayo, osati inu. Ku England mukhoza kukanena ku Stop Loan Sharks osatchula dzina lanu. Chenjeraninso ndi omwe amalonjeza kukufufutirani mbiri yoipa mukawalipira. Zolembedwa zoona palibe amene angazichotse nthawi yake isanakwane, ndipo zolakwika mungathe kuziwongoletsa nokha popanda kulipira.

Okwatirana aganizire bwino asanatsegule akaunti kapena kutenga ngongole ya anthu awiri, chifukwa zimenezi zimalumikiza mbiri zanu ndipo banga la wina limakhudza mnzake. Amene mukufuna kudzapempha unzika wa Britain, a Home Office amayang'ananso mmene munthu amayendetsera nkhani za ndalama. Pa fomu lembani zoona, ndipo funsani kaye mlangizi wovomerezeka wa za imigireshoni.

Ngati mukuwerenga izi musanafike pa bankruptcy, musathamangire kulipira £680 ya pempho lake. Pali njira ina ya Debt Relief Order ya anthu opeza zochepa, opanda katundu wambiri, omwe ngongole zawo sizikupitirira £50,000, ndipo kuyambira mu 2024 salipiritsa. Palinso Breathing Space, yomwe imaimitsa okulondolani ndi chiwongoladzanja kwa masiku 60. A StepChange, National Debtline ndi Citizens Advice amathandiza kwaulere ndipo amasunga chinsinsi. Sonkhanitsani makalata onse a ngongole, ngakhale aja simudawatsegule, muimbire mabungwewa sabata yomwe ino.