Mboni yokalamba ya mu shopu ya amalume

Amene anayendapo mu msewu wa Alick Nkhata ku Lusaka amalidziwa fungo la Kalingalinga: utuchi, vanishi ndi chitsulo chopsa. M'mbali mwa msewu mwandandalika mabedi, mipando, mageti ndi mafelemu a zitseko, ndipo akalipentala ndi owotcherera amagwira ntchito panja pomwepo, ogula ambiri akuchokera kumayadi, monga ku Kabulonga. Amalume anga sapala matabwa ndipo sawotcherera. Iwo amadyera pa thukuta la amisiri amenewa. Ali ndi shopu ya hadiweya chakumbuyo kwa msewuwo, momwe amagulitsa misomali, mahinjesi, maloko, guluu, madisiki a galainda ndi ndodo zowotcherera.

Mu 2014 anagula makamera anayi ndi kabokosi kakuda kosunga zithunzi, kamene amisiri amati DVR. Anakhoma ka TV pamwamba pa shelefu, ndipo aliyense wolowa ankadziona yekha akulowa. Chaka chotsatira anauza mlonda wausiku kuti ntchito yatha. Ndikukumbukira mmene ankanyadira. "Kamera sigona, sidwala, sipempha adivansi," ankatero, uku akusisita kabokosiko ngati mbuzi yonenepa.

Kwa zaka khumi palibe anatsegulapo kabokosi kaja. Zithunzi zikamayenda pa TV, amalume ankati zonse zili bwino. Kamera imodzi inazima mu chaka chomwe sachikumbukira. Ya pakhomo inachita ng'ala ndi fumbi ndi dzuwa, ndipo kangaude anamanga nyumba pamaso pake penipeni. Ya m'chipinda chosungira katundu, chomwe chilibe zenera, inkaonetsa zakuda ndi zoyera zokhazokha, usana ndi usiku chimodzimodzi. Deti ya pakona pa TV inali yolakwika kwa nthawi yaitali moti maso awo anasiya kuiona, monga mmene munthu amasiyira kumva wotchi ya m'nyumba mwake.

Kenaka kunabwera chilala cha 2024. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo madzi a m'damu la Kariba atatsika, magetsi anatsika nawo. Pofika September nyumba zambiri zinkakhala mumdima mpaka maola 21 pa tsiku. Ku Kalingalinga zimenezi zinali njala yeniyeni, chifukwa wowotcherera wopanda malaiti ali ngati msodzi wopanda nyanja. Amisiri ankadikira pafupi ndi makina awo, ndipo malaiti akangobwera, kaya ndi masana kaya pakati pa usiku, komboni yonse inkalira magalainda.

M'mawa wina mwezi womwewo amalume anapeza chitseko chakumbuyo chili pululu. Loko panalibe, ngakhale chidutswa chake. Munasowa magalainda awiri atsopano, makina amodzi owotcherera ndi makatoni a ndodo. Popeza panalibe chothyoka, mtima wawo unathamangira kwa munthu mmodzi yekha amene nthawi zina ankasunga makiyi: mnyamata wa zaka 19 wochokera ku Katete, mwana wa mayi wina amene amapemphera ndi abale a azakhali kumudzi. Anali atagwira nawo ntchito zaka ziwiri. Ankawatchula kuti atate.

Malaiti atabwera, amalume anakhala pansi pa TV ija n'kuyamba kubweza zithunzi m'mbuyo. Ndipo anachipeza chomwe ankafuna. M'chipinda cha katundu munalowa munthu, n'kunyamula katoni paphewa, n'kutuluka. Nkhope inali chiphalaphala chotuwa, koma kayendedwe kake kopendekera kumanzere kanali kodziwika kwa aliyense wa pamalopo. Pakona panalembedwa 02:14.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma munthu wobedwa sadekha. Amalume anajambula TV ija ndi foni yawo n'kutumiza ku gulu la WhatsApp la amalonda anzawo. Mnyamatayo atabwera kuchokera kokapereka katundu, anamuimitsa pakhonde, anthu akuona.

"Iwe, pa ziro thu usiku unali kufuna chiyani mu shopu yanga?"

"Atate, ine usiku ndinagona ku Mtendere. Funsani amene ndikhala nawo."

"Uyu ndani? Si iwe uyu?"

Mnyamatayo anayang'ana foni, n'kuvomera kuti akuoneka ngati iyeyo, koma sakudziwa kuti zatheka bwanji. M'komboni yankho lotere ndi kuvomera mlandu. Wina anakuwa kuti kawalala, ndipo mawu amenewo akangotuluka amaitana anthu kuposa belu la tchalitchi. Anabwera ena atanyamula zidutswa za matabwa. Amene anamupulumutsa ndi mayi wogulitsa vitumbuwa pafupi ndi shopuyo, yemwe anaima kutsogolo kwake atamanga chitenje m'chiuno, n'kunena kuti wofuna kumenya mwanayo ayambire iye. Patapita masiku awiri mnyamatayo anakwera basi ku Intercity kubwerera kwawo. Malipiro a mwezi umenewo sanalandire, ndipo sanawafunse.

Ine ndinamva nkhaniyi patatha sabata ziwiri, ndipo ndinapita ndi mnzanga amene ntchito yake ndi kuika makamera. Cholinga chinali chongoti atulutse zithunzi zija bwinobwino kuti apolisi akazione. Atamasula zomangira za kabokosiko munatuluka fumbi lofiira ngati la mu October, ndipo fani ya mkati inali itauma kalekale. Analoza kabatire kozungulira, kakang'ono ngati khobidi.

"Bamudala, aka kanafa kudala," anatero m'Chinyanja cha m'tauni. "Manje onani."

Anazula waya wa magetsi, n'kuubwezeretsa. TV itayaka, pakona panalembedwa 00:00, deti ya 1 January 2000. Ntchito ya kabatire kameneko ndi kuyendetsa wotchi ya makinawo magetsi akazima. Kakafa, wotchi imayambiranso pa ziro nthawi iliyonse malaiti akabwera. Choncho 02:14 ya amalume sinkatanthauza usiku. Inkatanthauza kuti papita maola awiri ndi mphindi 14 chibwerereni malaiti. Tsiku lija, akuba asanabwere, malaiti anabwera cha m'ma 14 koloko. Tinatsegula buku la malisiti, ndipo tinapeza dzanja la mnyamata yemweyo: katoni imodzi ya ndodo, yogulitsidwa kwa wowotcherera wa pamsewu madzulo a tsiku limenelo. Ndalama yake amalume anali ataiwerenga okha n'kuiika m'thumba. Za usiku womwe akuba anabwera munalibemo kalikonse, chifukwa makamera anali atazima limodzi ndi komboni yonse.

Amalume sanayankhe. Anangovula kapu n'kuiika pabondo.

Mnzangayo, poti ndi munthu wa malonda ake, sanasiyire pomwepo, ndipo zimene ananena ndi zimene ndikufuna mwini shopu aliyense amve. Anati ngakhale malaiti akanakhalapo, makamera amenewo sakanagwira wakuba. Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho, ndipo makamera akale a mtundu umenewo amapereka timadontho 704 m'lifupi ndi 576 m'litali. Muyezo wa mayiko onse wa makamera achitetezo, IEC 62676-4, pa nthawiyo unkati kuti uzindikire nkhope ya munthu wosamudziwa pafunika timadontho 250 pa mita iliyonse ya malo amene kamera ikuyang'ana. Khonde la amalume ndi lotalika mamita 6. Mukagawa 704 ndi 6 mupeza 117, osafika n'komwe theka. Kamera ya masiku ano ya 1080p ili ndi 1920 m'lifupi, ndipo pa khonde lomwelo imapereka 320. Kamera yakaleyo imakuuzani kuti padutsa munthu, basi. Dzina la munthuyo mumaikapo nokha, ndipo dzina limene limabwera msanga m'mutu ndi la amene muli naye pafupi. Wakuba wochokera kutali alibe kayendedwe kamene mumakadziwa. Wantchito wanu ali nako.

Anawonjezeranso china chomwe sindinkachidziwa. Mumdima kamera imaunika ndi kuwala kwa infrared kumene maso athu sakuona, ndipo pa kuwala kumeneko malaya akuda akhoza kuoneka oyera. Ndiye munthu angalumbire kuti wakubayo anavala zoyera, n'kukagwira wosalakwa. Timababu tounikira ta kamerayo timafooka ndi zaka, ndipo timakoka tizilombo, tizilombo n'kukoka kangaude. Hard disk ya m'kabokosimo, yomwe imasunga zithunzi, nayo imazungulira usana ndi usiku osapuma, ndipo kuzima kwa magetsi kwadzidzidzi kumaipweteka. Ikhoza kufa mwakachetechete TV ikuonetsabe zithunzi za pompopompo, mwini wake n'kumaganiza kuti zikusungidwa. Ya amalume inali ikulira kale ngati njinga yopanda girizi. Kenaka anafunsa password ya kabokosiko, amalume n'kunena kuti ndi yomwe inabwera ndi makinawo. Mnzangayo anaseka pang'ono. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalowa m'makamera ndi ma DVR ambirimbiri padziko lonse poyesa ma password a kufakitale omwewo, n'kuwagwiritsa ntchito kugwetsa masamba akuluakulu a pa intaneti ku America. Mwayi wa amalume unali woti bokosi lawo silinalumikizidwepo ku intaneti.

Kunena zoona, sindikhulupirira zonse zimene ogulitsa makamera amanena. Amafuna mugule chatsopano chaka chilichonse, ndipo kamera yodula kwambiri siingaletse munthu kudula loko. Koma ndikumvetsa tsopano chifukwa chimene mabanki, mafilingi siteshoni ndi masitolo a ku East Park sadikira kuti makina awo afe. Kwa iwo kamera ndi mboni imene tsiku lina idzaitanidwa kukalankhula, ndipo mboni yosaona bwino, yosadziwa tsiku, koma yolankhula motsimikiza, ikhoza kumangitsa munthu. Amalume akanakhala opanda kamera, akanafunsa anansi, akanapita ku Mtendere kukamva ngati mwanayo anagonadi kumeneko, mwinanso mlonda wawo akanakhala adakali pa ntchito. Kabokosi kaja kanawachotsera zonsezi.

Anagula zatsopano mwezi wotsatira, ngakhale malonda anali ovuta: makamera anayi, batire yaikulu ndi sola pa denga kuti makinawo asazime, ndi wotchi yodzikonza yokha kudzera pa intaneti. Mnzangayo anawauza kuti Lolemba lililonse azibweza zithunzi za usiku wa Lamlungu, aone ngati zilipo ndi ngati nthawi ikugwirizana ndi ya pa foni, ndipo azipukuta magalasi ndi kansalu. Amachitadi. Anabwezeretsanso mlonda, wogawana ndi mashopu ena awiri oyandikana nawo. Akuba aja sanapezeke.

Ku gulu la WhatsApp analemba uthenga wautali wopepesa, koma madzi akatayika saoleka. Kavidiyo kaja kanali katafika kale m'magulu ena amene iwo salimo, ndipo wina anakatumiza mpaka ku Katete basi ya mnyamatayo isanafike. Amalume anaimba foni kangapo, osayankhidwa. Anatumiza malipiro a miyezi iwiri pa Airtel Money, ndipo uthenga unabwera woti ndalama zalandiridwa. Pomaliza anaimbira amayi ake, n'kufotokoza za kabatire, za wotchi, za buku la malisiti, n'kupempha kuti mwanayo abwerere, ntchito yake ikumudikira. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto osawadula mawu.

"Tamva, achimwene," anatero. "Koma mwanayo ali kumunda, tikukonzekera mvula. Ku Lusaka akuti sabweranso."