Kacilombo Kamene Kamameta Matumbo a Tiana ta Nkhumba

Tikapha nkhumba ndi kutsuka matumbo ang'ono, mkati mwake mumaoneka mosalala. Komabe m'menemo muli timinofu tambirimbiri toima ngati ubweya wa thaulo, ndipo ndi timeneti timene timayamwa cakudya ndi madzi kuti zilowe m'magazi. Pali mavairasi amene amaononga timinofu timeneti. Wofala kwambiri ndi rotavirus, wopezeka pafupifupi kulikonse kumene anthu amaweta nkhumba. Woopsa koposa ndi wa matenda a PED, amene anaoneka koyamba ku England mu 1971. Atafika ku America mu 2013 anapha tiana ta nkhumba mamiliyoni angapo m'caka cimodzi.

Kacilombo kamalowera pakamwa, kucokera ku ndowe za pansi, za pa mawere a make, ngakhale za ku jombo zathu. Kakafika m'matumbo kamaswana m'timinofu tija mpaka tifote ndi kufupika, thaulo n'kusanduka cigamba. Kamwana kamayamwabe, koma mkaka sugayika. Umangosasa, n'kukoka madzi a m'thupi kuwatengera m'matumbo. Ndiye kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, koyera kapena kwacikasu, nthawi zina pamodzi ndi kusanza. Tikang'amba kamwana kakufa timapeza matumbo opyapyala ngati pepala, odzala madzi.

Cimene cimapha kamwana, tsono, ndi kutha kwa madzi m'thupi. Nkhumba yaikulu imameretsa timinofu tatsopano msanga, ndipo kawirikawiri imacira pa mlungu umodzi. Kakhanda kamacedwa kumeretsa, ndipo kalibe madzi okwanira oti kadikirire.

Apa ndi pamene ambiri a ife timatayira ndalama. Jekeseni ya oxytetracycline imapha mabakiteriya, vairasi siimukhudza. Ndalamayo iyambe yagula mankhwala a ufa obwezera madzi ndi mcere m'thupi, ndipo tiana timwetsedwe pang'onopang'ono kangapo pa tsiku. Tisasungunule suga wa m'tiyi, pakuti kamwana ka masiku ocepa sikatha kumugaya ndipo amaonjeza kutsegulako. Woyenera ndi gulukosi. Pogona pakhale pouma ndi pofunda, ndipo tiana tisacotsedwe kwa make, popeza mkaka wake, makamaka woyamba uja, ndiwo umanyamula citetezo cofika m'matumbo.

Koma ngati nkhumba zazikulu nazonso zikufa, zatentha thupi, makutu afiira, ndowe zili ndi magazi, tiganizire cigodola, cimene kuno kum'mawa ticidziwa bwino. Pamenepo nkhumba isatuluke, nyama isagulitsidwe, ndipo ofesi ya zanyama imve tsiku lomwelo.