Funso la swala lomwe yankho lake lina lili kuchipatala

 Ndikulemba ndili ku Magomero, m'boma la Chiradzulu, komwe nandolo tatha kukolola ndipo tikukonza mizere podikira mvula. Mwezi uno nkhani ya mbewu ndi manyowa ndaisiya kaye. Phunziro lathu ndi la amayi ndi ulendo wawo wa kuchipatala. Azibambo musadumphe tsambali ayi, gawo lanu lilimo.

Chimene chandilembetsa

Zaka zapitazo alamu anga, ang'ono awo a mayi a kunyumba, ananditumizira funso kudzera mwa akulu awowo. Anali atasiya kale kupita kumwezi, koma timagazi tinayambanso kuoneka, makamaka akakhala malo amodzi ndi amuna awo. Funso linali lakuti: kodi ndiziswali kapena ndisiye? Ine ndinayankha monga ndinaphunzirira ku madrasa. M'malamulo a Imam Shafi'i, magazi osakwana usana ndi usiku si haidhi, ndiponso opitirira masiku 15 si haidhi. Amenewo ndi istihadha, magazi a matenda. Ndinati azidzitsuka, azimanga kansalu, azipanga udhu pa swala iliyonse, basi aziswali.

Yankholo linali loona, koma linali losakwanira. Ndinatchula ndekha kuti ndi magazi a matenda, koma sindinawauze kuti apite nawo kuchipatala. Anaswali mokhulupirika chaka chathunthu ndi miyezi ingapo. Pamene ululu wa m'chiuno unawagwetsa n'kuwanyamula, madokotala anati ndi khansa ya khomo la chiberekero ndipo yafalikira kale. Tinawaika m'manda chaka chomwecho. Allah awakhululukire ndi kuwapatsa Janna.

Tsiku la imfa analemba ndi Allah, zimenezo sinditsutsa. Koma Allah yemweyo ndiye anatilamula kufunafuna mankhwala, ndipo ine pakamwa ndinali napo. Kuyambira pamenepo, mayi akandifunsa za magazi ndimayankha pawiri: za swala, kenako za chipatala.

Manyazi ali ndi malire

Amayi ambiri sikuti njira ya kuchipatala saidziwa. Chimawabweza ndi manyazi. Manyazi ndi khalidwe labwino pa Msilamu, koma sanaikidwe kuti atiphe. M'nthawi ya Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale naye), mayi wina dzina lake Fatima bint Abi Hubaish anapita yekha kukafunsa za magazi amene sankaleka. Mtumiki sanamudzudzule, anamulongosolera kusiyana kwa magaziwo ndi a kumwezi. Ngati iye anatha kutchula nkhani yotere pamaso pa Mtumiki, inu mulephera bwanji pamaso pa anamwino?

Ma ulama amagwirizana kuti kuonetsa thupi chifukwa cha matenda ndi kololedwa, pamlingo umene ukufunika. Pemphani kuti akuoneni wamkazi, palibe cholakwika pamenepo. Akakhala kuti tsikulo alipo ndi wamwamuna yekha, pemphani kuti m'chipindamo mukhale mayi wina, mudzifunditse chitenje, muyezedwe. Musabwerere kunyumba ndi matenda anu.

Kodi amakachita chiyani kumeneko?

Mantha ambiri amabwera chifukwa chosadziwa. Mbali ya amayi kuchipatala ili ndi ntchito zingapo: sikelo ya oyembekezera, njira zolerera, kuchiza matenda opatsirana pogonana, ndi kuyeza khomo la chiberekero.

Ndikhazikike pa chomalizachi. Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo khansa yofala kwambiri pakati pa amayi m'Malawi muno, ndipo dziko lathu lili m'gulu la maiko amene nthendayi yakula kwambiri padziko lonse. Imayamba ndi kachirombo kotchedwa HPV, kamene anthu amapatsirana pogonana. Kachiromboka kamakhala chete zaka 15 mpaka 20 kasanabale khansa, koma mwa mayi amene chitetezo chake chatsika, monga amene ali ndi HIV, zaka 5 mpaka 10 zimakwana. Zili ngati nankafumbwe m'thumba la chimanga: kunja thumba lili bwinobwino, mukamaona ufa pansi ndiye kuti mkati mwatha. N'chifukwa chake a zaumoyo amaitana amayi a zaka 25 mpaka 49 kuti aziyezetsa ngakhale asakumva kupweteka paliponse, ndipo amene akumwa ma ARV aziyezetsa pafupipafupi kuposa anzawo.

Kayezedwe kake n'kosavuta. Mumagona pabedi, anamwino amalowetsa kachipangizo kotsegulira njira, n'kupaka viniga pakhomo la chiberekero ndi thonje. Pakatha mphindi imodzi amayang'ana. Pamene pakuyamba kuwonongeka pamasanduka poyera. Pakakhala pang'ono, m'zipatala zambiri amapatenthetsa ndi kamakina tsiku lomwelo, mumabwerera kunyumba ndi miyendo yanu. Zakuti amatulutsa chiberekero n'kuchitsuka n'kuchibwezera ndi nkhambakamwa za kumjigo. Pakakhala pokulirapo amakutumizani ku chipatala chachikulu. Kuno kwathu bungwe la MSF, lija linayamba kupereka ma ARV ku Chiradzulu mu 2001, linayambanso kuthandizana ndi Unduna wa Zaumoyo pa khansa imeneyi mu 2018, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre, ndipo ofunika opaleshoni amapita ku chipatala cha Queen Elizabeth, chija timati ku Gulupu.

Kwa ana athu aakazi kuli katemera wa HPV, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Akabwera nawo kusukulu, musamubise mwana.

Inu a kunyanja, tchulani za madzi

Pali nthenda ina imene yasokoneza mabanja m'madoko: likodzo. Tonse timalidziwa ngati nthenda ya anyamata okodza magazi. Koma tinyongolotsi take, timene timachokera mu nkhono za m'madzi n'kulowera pakhungu, timaikiranso mazira m'njira ya amayi ndi pakhomo la chiberekero. Mayi amamva kuyabwa, amatuluka chikazi chachilendo, amamva ululu kapena kuona magazi akakhala ndi amuna awo, ena mpaka kuvutika kutenga pakati. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, ndiye bambo amayamba kuloza chala mkazi wosalakwa, amene tchimo lake ndi kuchapa m'nyanja, kutsuka matemba ku Kachulu kapena kuwokera mpunga m'madzi ku Domasi ndi ku Likangala.

Anamwino sangalote kumene mumachapa. Auzeni nokha kuti ine ndimakhala m'madzi tsiku ndi tsiku, kodi silingakhale likodzo? Mankhwala ake ndi praziquantel, aja amagawa m'masukulu, ndipo amamwedwa munthu atadya. Amapha tinyongolotsito, koma zilonda zokhalitsa sizipola msanga, choncho kufulumira n'kofunika.

Kukonzekera kwake

Msodzi sasoka ukonde bwato lili kale pakati pa nyanja. Ulendo wa kuchipatala nawonso umakonzedwa dzulo lake.

1. Funsani tsiku. Si ntchito zonse zimachitika tsiku lililonse, makamaka m'zipatala zing'onozing'ono. Funsani alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu, kapena imbani ku Chipatala Cha Pa Foni. Kuzipatala za boma thandizo ndi laulere, koma kuzipatala za mishoni funsiranitu ngati pali cholipira.

2. Tengani masiku anu. Apa amayi a Chisilamu muli ndi mwayi. Inu mumadziwa tsiku limene munasiya kuswali ndi tsiku limene munasamba n'kuyambiranso. Funso loyamba la anamwino ndi lomwelo: munayamba liti kumwezi komaliza? Masiku amene mumawerengera Allah ndi omwewo akufunika kuchipatala. Alembeni kuchikuto cha buku, kapena muuze mwana wanu wamkazi akulembereni. Onjezani izi: mimba zingati, ana amoyo angati, munapitako padera kangati, munachira ndi opaleshoni kapena ayi.

3. Sankhani nthawi. Ngati mukungokayezetsa khomo la chiberekero, pitani mutamaliza kumwezi, chifukwa magazi ambiri amaphimba pofunika kuona. Koma ngati magaziwo ndiye vuto lanu, sakuleka, akubwera pakati pa mwezi, kapena abweranso mutasiya kale, musadikire kuti aume. Pitani nawo choncho.

4. Sambani kunja kokha. Musalowetse sopo, mankhwala azitsamba, thonje kapena nsalu mkati. Mukatero mumachotsa chimene anamwino akufuna kuona, ngati kusesa mapazi a mbava apolisi asanafike.

5. Longedzani madzulo: buku lanu la kuchipatala, lakale ndi latsopano lomwe, mankhwala onse amene mukumwa, zitenje ziwiri, kansalu kodzitetezera, madzi akumwa ndi kambatata kapena chinangwa chophika, poti mzere umatha kufika masana. Ndalama ya kabaza ikhale yopita ndi yobwerera. Lawirani m'mamawa mukangoswali Subuhi.

6. Nenani zonse. Ngati munamwa zitsamba za asing'anga kapena za azakhali, nenani. Ngati muli pa mitala, nenani. Ngati mukulera amuna anu asakudziwa, nenani, anamwino ntchito yawo imawalamula kusunga chinsinsi. Chimene chakubweretsani chitchuleni poyamba, osati muli pakhomo potuluka.

7. Musatuluke musanamve zinthu zitatu: mwapeza chiyani, ndichite chiyani kunyumba, ndibwerenso liti. Simunamve, funsaninso. Ngati Chiyao ndiye mumamasuka nacho, pitani ndi mchemwali wanu wokhulupirika akuthandizeni.

Oyembekezera, yambani sikelo m'miyezi itatu yoyambirira, osadikira kuti mimba ionekere. Masiku ano amalangiza kuonedwa maulendo 8. Kumeneko mumalandira Fansidar woteteza malungo, mapiritsi owonjezera magazi, neti ndi katemera wa kafumbata, ndipo amayeza HIV ndi chindoko kuti mwana atetezedwe.

Za twahara ndi swaumu

Awa ndi mafunso amene amandipeza kumzikiti. Kodi mayi akayezedwa mkati ayenera kusamba thupi lonse ngati wa janaba? Iyayi. Adzitsuke, apange udhu watsopano, aswali. Kodi madzimadzi amene amatuluka kwa masabata angapo atatenthetsa pakhomo la chiberekero amaletsa swala? Saletsa, si haidhi. Achite monga wa istihadha.

Nanga kuyezedwa m'mwezi wa Ramadhani? Mabuku akale a Shafi'i amati cholowa mkati mwa thupi chimamasula swaumu, pomwe ma ulama ambiri a masiku ano amati chipangizo choyezera sichimasula, poti si chakudya kapena chakumwa. Langizo langa ndi ili: ngati n'kuyezetsa chabe, konzani Ramadhani isanafike kapena itadutsa. Koma ngati pali magazi, ululu, kapena tsiku munapatsidwa ndi adokotala, pitani. Mtima ukakayika, tsikulo mudzabweza. Tsiku la swaumu limabwezedwa, koma nthenda ikakula siibwerera m'mbuyo.

Gawo la azibambo

Achimwene, ndalama ya petulo wa injini kapena ya thumba la feteleza timaipeza, ngakhale pangongole. Ya kabaza ya mayi isasowe. Tsiku limenelo kumunda kapena kuthandala la nsomba pitani ndinu, ana muwaone ndinu. Mukatha, aperekezeni, makamaka ulendo woyamba wa sikelo, mukayezetsere limodzi.

Akapezeka ndi matenda opatsirana pogonana, mankhwala ndi a nonse. Mukamwa mmodzi mumangobwezerana. Pa mitala, akazi onse apite. Ndipo tisanaloze chala, tikumbuke miyezi ija timagona kumadoko. HPV amatha kulowa m'nyumba ya mayi amene sanadziwepo mwamuna wina. Mdulidwe wathu umachepetsa chiopsezo, koma suchotseratu.

Akatenthetsa pakhomo la chiberekero, anamwino amalangiza kuti musakhale malo amodzi kwa masabata osachepera 4, kuti chilonda chipole. Munthu amene amapirira nifasi ya mkazi wake masiku 40 sangalephere zimenezi.

Izi sizidikira tsiku la sikelo

Mayi woyembekezera akataya magazi, akamva mutu waukulu ndi kuona zidima, akatupa nkhope ndi manja, akakomoka kapena kugwedezeka, akatentha thupi, kapena mwana akasiya kugunda, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku kaya ndi Ijumaa. Kuno kwathu tili ndi Namadzi pafupi, kenako chipatala cha boma cha Chiradzulu ndi chachikulu cha Zomba. Inunso dziwiranitu chanu, ndi nambala ya wa njinga yamoto amene angadzuke usiku.

Zokambirana pa dawa ya amayi

1. Ndani pakati pathu wapitirira zaka 25 ndipo sanayezetsepo khomo la chiberekero? Chikumuletsa n'chiyani?
2. Kodi tingapangane tsiku loti tipite anayi kapena asanu limodzi?
3. Mnzathu akatiuza za magazi osatha, timamuuza za swala yokha kapena timamuperekezanso?

Kwa anzanga mashehe ndi maimamu, funso la istihadha likakupezani yankhani za swala monga mwa nthawi zonse, koma musalekere pomwepo monga ndinachitira ine. Funsani kuti kuchipatala apitako kapena ayi, ndipo Ijumaa yotsatira mufunsenso.

Allah achiritse odwala athu, apepukitse oyembekezera, ndipo atipatse mvula yabwino ndi nsomba zokwanira. Mwezi wamawa, Insha Allah, tibwerera kumunda, tidzakambe za kubzala nandolo pakati pa chimanga. Wassalamu alaikum.